Khonsolo ndi mabanja a ophunzira pasukulu yathu: momwe ntchito ikuyendera

Seputembala, sabata yachiwiri ya teremu

Ahedi andisenzetsa ntchito yoyang'anira utsogoleri wa ophunzira chaka chino. Tagwirizana kuti ndizilemba momwe zikuyendera, kuti anzathu a m'masekondale ena oyendera a m'madera, ma CDSS, kuno ku Mangochi aone zomwe zikutheka ndi zomwe zikukanika. Sukulu yathu ndi yoyendera. Ana ena amachokera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ena kumtunda, ndipo a kutali kwambiri amachita lendi timanyumba kuseri kwa msika n'kumadziphikira okha, zija timati selufu bodingi.

Mapulifekiti tili nawo kuyambira kale. Amasankhidwa mu sitafu rumu, ndipo tinene zoona, timayang'ana mwana wa Chingerezi chosalala, wa yunifolomu yochapa bwino, akakhala mnyamata akhale wathupi ndithu. Ntchito yawo n'kuima pageti kulemba ochedwa, kulemba olongolola, kulemba ogwidwa akulankhula Chichewa kapena Chiyawo, ndi kugawa makasu ndi zikwakwa kwa amene ali pa chilango. Ndi apolisi a aphunzitsi basi.

Sabata ino ndinawafunsa mapulifekiti funso limodzi: mwa ana amene anali mu Fomu 1 chaka chatha, ndani sanabwerere ku Fomu 2, nanga ali kuti? Anangoyang'anizana. Funso lomwelo nditalipereka kwa anyamata okhala kumbuyo kwa kalasi, aja maina awo sachoka m'buku la zilango, anandiwerengera mmodzimmodzi. Uyu ali padoko, ndi mulovi pa bwato la amalume ake. Uyu anakwera basi ya ku Joni nthawi ya holide. Uyu akupalasa kabaza ku boma. Uyu ndi woyembekezera, ali kwa agogo ake. Rejisitala yathu inangolemba kuti sanabwere, koma anyamatawa amadziwa ndi chifukwa chomwe.

Choncho ntchito yathu taimanga pa zinthu ziwiri. Choyamba, khonsolo ya ophunzira yosankhidwa ndi ophunzira eni ake, yomwe idzakhale ndi kanthu kenikeni kogamula. Chachiwiri, timagulu ting'onoting'ono tosakaniza ana a Fomu 1 mpaka Fomu 4, tomwe tikutitcha mabanja. Muyeso wathu ndi umodzi: mwana akajomba, pakhale wina pasukulu pano amene wazindikira ndipo wafunsa.

Okotobala, sabata yoyamba

Mabanja apangidwa. Tinapewa kuti ana ochokera pulayimale imodzi kapena mudzi umodzi aunjikane m'banja limodzi, chifukwa amenewo ali nawo kale anzawo. Amene timawafuna kwambiri ndi ana aja amasankhidwa okhaokha kuchokera ku kasukulu kakutali atakhoza mayeso a Sitandade 8, n'kufika pano osadziwa munthu ngakhale mmodzi. Amenewa ndiwo amakumana ndi tizingi yoopsa: kuwatuma madzi kumjigo, kuwalanda chimanga chokazinga, kuwaseka Chingerezi.

Poyamba wotsogolera banja timafuna azitchedwa bambo kapena mayi. Sizinathe tsiku, ana anayamba kukwatitsana mwanthabwala. Tsopano akungotchedwa mkulu wa banja. Mkulu amasankhidwa ndi banja lomwelo, ndipo m'mabanja angapo asankha anyamata aja a kumbuyo kwa kalasi. Aphunzitsi ena zawanyansa. Ine sizikundidabwitsa.

Amakumana Lachitatu ikatha buleki, pansi pa mitengo ya mango, popeza m'makalasi a malata simukhalika mwezi uno. Mkulu aliyense ali ndi kope. Amalembamo amene palibe, ndipo wina akasowa masiku atatu otsatizana, banja limatuma mmodzi wokhala naye pafupi kuti akamuone.

Apa pabuka mkangano woyamba. Adepyute apempha kuti makopewo azifika ku ofesi Lachisanu lililonse, ojomba azilandira chilango. Ndawakanira mwaulemu. Ndawauza kuti, "Bwana, rejisitala ya kalasi ilipo kale, ndiyo ya chilango. Kope ili likangosanduka mndandanda wa okatchetcha, palibe mwana adzauze mnzake zoona." Ahedi agamula kuti makope akhale kwa akulu a mabanja, ine ndizingolandira nkhani zofuna munthu wamkulu.

Okotobala, kumapeto

Zisankho za khonsolo zatidyera masabata awiri, koma sindikudandaula. Palibe phunziro la Social Studies limene linawalowa ana ngati masiku amenewa.

Komiti yoyendetsa zisankho inali ya ophunzira, mphunzitsi wa Social Studies akungowaunikira. Mtsutso waukulu unali pa kawerengedwe. Ena amati wopeza mavoti ambiri wapambana. Mtsikana wina wa Fomu 3 anakana, nakumbutsa anzake kuti mu Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 n'kunena kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka, zija za 50+1, ndipo chisankho chatsopano chinachitika pa 23 Juni chaka chomwecho. Ngati dziko limatero, sukulu ilekerenji? Anapambana mtsutsowo. Analetsanso kugawa maswiti ndi mandasi pokopa anthu, potengera lamulo la zipani la 2018 lomwe limaletsa kugawa zinthu pa kampeni. Mnyamata mmodzi anagwidwa akugulira a Fomu 1 mafilizesi, komiti inamuchenjeza pa asembule, nkhani inathera pomwepo.

Nkhani yomwe inagawa aphunzitsi ndi ya chilankhulo. Lamulo la sukulu limati pabwalo pano tizilankhula Chingerezi, ndipo lili ndi chifukwa chake: wolephera Chingerezi salandira setifiketi ya JCE kapena ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji maphunziro ena. Koma taganizani za mwana wa kuno. Kunyumba amalankhula Chiyawo, ku pulayimale anakumana ndi Chichewa, kumadarasa amawerenga Chiarabu, ndiye Chingerezi ndi chachinayi. Tikati utsogoleri ndi wa olankhula Chingerezi okha, ndiye kuti tasankhiratu ana a aphunzitsi ndi a ogwira ntchito m'boma, ana a m'mudzi muno n'kukhala oonerera pasukulu ya kwawo komwe. Tinagwirizana kuti wopikisana ayambe m'Chingerezi, kenaka ali ndi ufulu wopitiriza m'Chichewa kapena m'Chiyawo.

Tsiku la manifesito, mtsikana wina wa Fomu 3 wochita selufu bodingi anayamba mawu ake akunjenjemera, pepala likugwedera m'manja. Atamaliza gawo la Chingerezi analipinda, n'kuyamba kufotokoza m'Chichewa, apa ndi apo akuponyamo Chiyawo, za chimbudzi cha atsikana chomwe chitseko chake chinaguluka teremu yatha, ndi momwe atsikana amaperekezerana awiriawiri, wina atatambasula chitenje pakhomo. Bwalo lonse linati zii. Aphunzitsi aamuna ambiri nkhaniyi amaimva koyamba.

Kuvota kunali kwachinsinsi. Mapepala tinadula kuchokera ku mayeso akale, bokosi linali katoni ya sopo, ndipo wovota aliyense amapakidwa inki ya maka pachala. Pa mpando wa pulezidenti panalibe wofika theka, choncho awiri otsogola anabwereza mawa lake. Mtsikana uja ndiye anapambana. Madzulo ake mu sitafu rumu munamveka mawu akuti aphunzitsi akhale ndi mphamvu yokana wosankhidwa ngati sakuoneka bwino. Ahedi anati ayi, tinalonjeza kuti mavoti ndiwo adzalankhule.

Mapulifekiti sitinawachotse. Akupitiriza ntchito zawo, kupatula yolemba olankhula Chichewa ndi Chiyawo nthawi ya buleki, yomwe taithetsa.

Novembala

Khonsolo yopanda chogamula imafa msanga, ana sapusitsika ndi baji. Pa msonkhano wawo woyamba analemba zofuna zambiri, zina zosatheka monga holo ndi basi ya sukulu. Ahedi awapatsa zitatu kuti aziyendetse okha: ndondomeko yosesa ndi kutunga madzi, ukhondo wa kuzimbudzi, ndi kandalama ka zamasewera komwe kamachokera ku thumba la makolo.

Pa ukhondo sanafune kuwakakamiza. Ana awa anaona ndi maso awo kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe boma la Mangochi linali limodzi mwa okhudzidwa kwambiri, ndipo ena anataya abale. Aika ndowa ya mpopi pakhomo la chimbudzi chilichonse, banja lililonse lili ndi sabata yake yodzaza madzi. Sopo akusowa, akugwiritsa ntchito phulusa. Ndondomeko yosesa aisintha mwanjira yomwe ife sitinaiganizepo: ochokera kutali achotsedwa pa kusesa kwa m'mawa, apatsidwa ntchito ya masana. Kale mwana woyenda mtunda wautali amafika mochedwa, n'kupezeka walakwa kawiri, kuchedwa ndi kusasesa, ndiye amataya piriyodi yoyamba akutchetcha. Ambiri amangoona kuti bola kubwerera panjira.

Kenaka panali msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Tinapempha kuti pulezidenti wa khonsolo ndi wachiwiri wake alowe pa gawo limodzi lokha, afotokoze za zitseko. Bambo wina wachikulire anaimirira n'kufunsa kuti zinayamba liti zoti mwana, wamkazinso, azikhala pabwalo la akuluakulu. Sanali yekha, ambiri anavomereza ndi mitu. Amene anatipulumutsa ndi amfumu. Anati mwanayo alankhule zake atuluke, akuluakulu atsale akambirane. Mtsikanayo anagwada kaye polonjera, nati, "Zikomo amfumu, zikomo makolo athu nonse," ndipo anafotokoza mwachidule osaloza munthu chala. Atatuluka, kalipentala wina mwa makolo anadzipereka kukhoma zitseko ngati komiti igula mahinjesi ndi misomali. Zitseko zakhomedwa sabata yatha.

Ndaonapo kuti kugwada kuja anzathu ena a mabungwe sakukonda, amati kukuchepetsa mtsikana. Ine ndikuona kuti mwanayu anadziwa khomo lolowera, ndipo chomwe anabwerera anachipeza.

Disembala, tisanatsekere

Khonsolo yawerenga malamulo a sukulu mzere ndi mzere n'kupereka maganizo. Pa hijabu palibe mkangano pano, koma afuna zilembedwe kuti mtundu wake uzigwirizana ndi yunifolomu, monga momwe mgwirizano wa 2021 wa atsogoleri achikhristu ndi achisilamu, womwe bungwe la zipembedzo la Public Affairs Committee (PAC) linathandiza kuluka, unanenera. Apemphanso kuti Lachisanu mayeso a mkalasi asamaikidwe nthawi yoyandikira mapemphero a kumzikiti. Mnyamata wina anafunsa za lamulo lometa, potchula chigamulo cha khoti lalikulu ku Zomba cha 2023 chololeza ana achirasta kuphunzira ndi tsitsi lawo m'sukulu za boma. Tilibe mwana wachirasta pano, komabe chiganizocho chakonzedwa. Zonsezi zikudikira komiti ya sukulu.

Banja lililonse lalemberana kumene aliyense akakhale pa holide.

Januwale, sabata yachitatu ya teremu yachiwiri

Ino ndiyo nyengo yomwe timataya ana. Mvula yadula njira, timitsinje tadzaza, m'nyumba zambiri ufa watha ndipo ana akupita ku ganyu. Pamwamba pa izo pali Joni. Mwezi wa Disembala anyamata a kumeneko amabwera ndi mafoni, nsapato ndi njinga zamoto, ndipo pobwerera mu Januwale sapita okha.

Makope a mabanja agwira ntchito yake. Sabata yoyamba isanathe tinali titadziwa amene sanabwere ndi zifukwa zake, pomwe kale timadzazindikira pa mayeso a pakati pa teremu. Ena abwerera atangoyenderedwa ndi anzawo. Mnyamata wina wa Fomu 1 anakhala pakhomo chifukwa nsapato zinatha ndipo amaopa pageti. Mkulu wa banja lake, mmodzi wa anyamata a kumbuyo aja, anabwera kwa ine nati, "Madamu, mwana uja akufuna sukulu, koma abwera ndi masilipasi. Muwauze a pageti asamubweze." Tinatero. Patatha masiku banja lomwelo linasonkherana n'kumugulira nsapato za kaunjika.

Ena sanabwerere. Awiri a Fomu 3 anapita ku South Africa, wina ali kunyanja akuwedza usipa usiku ndipo wanenetsa kuti ndalama akuiona, za sukulu zimupatsa chiyani.

Khonsolo inaganiza zoitana munthu amene anakhalako ku Joni kuti adzacheze ndi anyamata. Ndinawachenjeza kuti asaitane woti adzangowaopseza, chifukwa ana amaona okha nyumba za malata ndi mashopu omangidwa ndi ndalama za kumeneko. Kuwauza kuti kulibe kanthu n'kudzichotsera ulemu. Anapeza bambo wina wa m'dera lino yemwe anafotokoza zonse ziwiri. Ananena za ulendo wodzera ku Mwanza, Tete, Zimbabwe mpaka ku Beitbridge, za kugwira ntchito wopanda mapepala pomwe bwana akhoza kukubera malipiro iwe osadandaula kulikonse, za ku Lindela komwe amasungira ogwidwa asanawabweze, ndi za 2015 pomwe boma linachita kutumiza mabasi kukatenga Amalawi othawa zipolowe zodana ndi alendo. Ananenanso kuti amene amadziwa kuwerenga ndi kulankhula Chingerezi ndiwo amapeza ntchito zabwinoko. Anyamata anamufunsa mafunso mpaka belu linalira kawiri. Kaya zisintha maganizo a angati, tidzaona Januwale wa chaka chamawa.

Febuluwale

Mtsikana woyembekezera uja anali kwa agogo ake wabwerera. Ndondomeko yolola atsikana kubwerera kusukulu akabereka inakhazikitsidwa mu 1993, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Papepala zonse zili bwino. Chovuta ndi tsiku loyamba lolowa m'kalasi, pakati pa ana amene unali patsogolo pawo, aliyense akudziwa nkhani yako.

Amayi a gulu loyang'anira atsikana ndiwo anakambirana ndi agogo ake za wosamala khanda. Mbali ya mabanja inali yaing'ono koma yofunika. Tinamufunsa yekha banja lomwe akufuna, anasankha lomwe muli mnzake wa ku pulayimale. Mnzakeyo anamudikira panjira n'kulowa naye limodzi pageti, ndipo desiki inali itakonzedwa kale, osati kumbuyo kwenikweni, osatinso kutsogolo.

Sabata yachiwiri wina analemba pa bolodi mawu omunyoza. Mwachizolowezi kalasi yonse ikanalandira chilango mpaka wolembayo atapezeka, ndipo mkwiyo wonse ukanagwera mtsikanayo. Pulezidenti wa khonsolo anapempha kuti ayambe walankhula ndi kalasiyo aphunzitsi kulibe. Zomwe anakambirana sanandiuze zonse, ine sindinaumirire. Wolembayo anakapepesa, ndipo mpaka lero sizinabwerezedwe.

Mwezi uno taikanso malire. Mkulu wina wa banja anasunga kwa masiku nkhani ya mwana wa selufu bodingi amene amavutitsidwa ndi munthu wamkulu usiku, poganiza kuti ndi chinsinsi cha banja. Tawaunjika akulu onse n'kuwauza momveka: nkhani ya nsapato, njala, kujomba kapena kukangana, yesani nokha. Nkhani ya nkhanza, kugwiriridwa, kukakamizidwa ukwati kapena wina wonena zodzipha, isagone, ifike kwa ine, kwa ametironi kapena kwa ahedi tsiku lomwelo. Nambala yaulere ya 116 yalembedwa pachikuto cha kope lililonse. Nkhani ija ili m'manja mwa oyenera. Awa ndi ana, tisawasenzetse katundu wa akuluakulu chifukwa choti aonetsa mtima wabwino.

Malichi

Mwezi wa Ramadhani wapezeka mkati mwa teremu. Khonsolo yasuntha ntchito zamanja kuti zizichitika m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo mpikisano wa mpira wa mabanja auimitsa mpaka Idi itadutsa. Amene anabweretsa ganizoli ndi mnyamata wachikhristu, ataona mnzake wa timu imodzi akuchita chizungulire pabwalo.

Zomwe sizikuyenda nazo zilipo. Mabanja awiri afa ndithu: akulu ake ndi a Fomu 4, mitu yawo ili pa MSCE, Lachitatu amakhala akuwerenga. A Fomu 2 nawo ayamba kuthawa misonkhano chifukwa cha JCE, yomwe inabwereranso mu 2021 itathetsedwa kwa zaka zingapo. Zikuoneka kuti udindowu ukuyenera a Fomu 3, a Fomu 4 azingolangiza. Pakati pa hedi boyi ndi pulezidenti wa khonsolo pali kukokanakokana, aliyense akufuna kulankhula pa asembule ya Lolemba. Pakadali pano akusinthana masabata, koma funso lenileni, loti kodi mapulifekiti azisankhidwabe ndi aphunzitsi, tikulizemba. Kandalama ka zamasewera kanasowa risiti imodzi ya mpira. Msungichuma anafotokoza pamaso pa khonsolo, wogulitsa anatsimikiza, ndipo tsopano pogula azipita awiri.

Chomwe chikundivuta kwambiri ndi ana a Open, aja amalowa masana anzawo akaweruka. Amagwiritsa ntchito makalasi omwewo ndi zimbudzi zomwezo, koma alibe mpando mu khonsolo, alibe banja, ndipo a m'mawa amawanena kuti ndiwo amawononga zinthu. Ambiri mwa iwo ndi aja sanasankhidwe, ena ndi akuluakulu obwerera kusukulu, ena ndi amayi a ana. Ngati pali ofunika kufunsidwa akasowa, ndi amenewa.

Teremu isanathe tichite izi. Khonsolo ikumane ndi oimira a Open, nthawi yosinthana makalasi, aone ngati angafune mipando iwiri kapena khonsolo yawoyawo. Mabanja awiri aja asankhe akulu atsopano a Fomu 3. Komiti ya sukulu iyankhe za malamulo, chifukwa ana ayamba kufunsa ngati mapepala awo anangotayidwa. Ahedi akufuna lipoti lalifupi loti apite nalo ku msonkhano wa masukulu a kilasita yathu, ndi lina lotumiza ku ofesi ya maphunziro ya chigawo chathu ku Zomba. Ndapempha kuti gawo la mabanja alembe ndi akulu a mabanja eni ake, ine ndidzangokonza Chingerezi. Adzandipatsa Lachitatu likubwerali.